Matayala a galimoto kumalo otentha: ndigule ati pamene ndalama ndi zochepa?

Mwinikagalimoto analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za matayala kuposa ine. Ndine mayi amene ndimayendetsa kagalimoto kakang'ono kamene ndinagula kwa munthu wina zaka ziwiri zapitazo, ndipo chigulire sindinasinthepo tayala ngakhale limodzi. Kumene ndimakhala kumatentha kwambiri miyezi yambiri pachaka, moti masana phula la pamsewu limachita kufewa, ndipo kawiri kapena katatu pamwezi ndimayenda ulendo wa maola anayi ndi banja lonse, katundu ali tho kumbuyo. Masiku ena onsewo galimotoyi imangoyenda pafupi, kenako n'kuswera padzuwa kuntchito chifukwa kulibe mthunzi woiimikapo.

Sabata yatha ndikutsuka galimotoyi ndinaona kuti matayala awiri akutsogolo atha kwambiri, makamaka m'mphepete mwa mkati, ndipo limodzi lakumbuyo lili ndi timing'alu tambirimbiri m'mbali mwake, ngati momwe matope amang'ambikira akauma ndi dzuwa. Pa matayala onse anayi palembedwa 185/65 R15 88H, ngakhale kuti sindidziwa tanthauzo la manambalawa kupatula kuti ndi amene ogulitsa amafunsa.

Ndalama zimene ndasunga zikhoza kundipezera chimodzi mwa zinthu zitatu. Ndikhoza kugula matayala anayi atsopano a mayina amene sindinawamvepo, omwe ndi otsika mtengo kuposa ena onse. Ndikhoza kugula awiri okha atsopano a kampani yodziwika, n'kudikira miyezi itatu kapena inayi kuti ndidzagule awiri enawo. Kapenanso ndikhoza kugula anayi ogwiritsidwa kale ntchito, a mayina otchuka kwambiri, omwe mano ake akadali akuya ndithu ndipo m'maso akuoneka ngati atsopano. Wogulitsa wina wandiuzanso kuti nditenge matayala otambalala kuposa amene ndili nawowa, akuti amagwira bwino msewu, pamene mnzanga wina akuti chinsinsi cha nyengo yotentha ndi kuchepetsako mpweya kuti tayala lisaphulike. Mwa zonsezi zoona ndi ziti, ndipo inuyo mukanakhala ine mukanasankha chiyani?

Wamatayala wopuma analemba kuti:

Zikomo mayi chifukwa cha funso lomveka bwino. Ndagwira ntchito yomanga ndi kumata matayala kwa zaka zambiri, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti kumalo otentha tayala silifa ndi kutha kwa mano kokha ayi, koma limafanso ndi ukalamba, kuperewera kwa mpweya ndiponso kulemedwa. Mkati mwa tayala muli nsalu za ulusi ndi mawaya achitsulo zimene zinamatidwa ndi mphira, ndipo tayala likamagubuduzika m'mbali mwake mumapindika ndi kuwongoka kambirimbiri pamphindi iliyonse. Kupindikaku kumabala kutentha, kumene kumawonjezera pa kutentha kwa phula, lomwe masana a dzuwa lamphamvu limatha kupitirira madigiri 60. Mphira ikakalamba imauma n'kusiya kugwira mawaya aja, ndipo tsiku lina galimoto ili pa liwiro chikamba chonse chapamwamba chimangosendeka. Wogulitsa amakuonetsani kuya kwa mano chifukwa ndi kumene maso amaona, koma chimene chimapha anthu chimabisala mkati.

Pachifukwa chimenechi chinthu choyamba kuwerenga pa tayala lililonse, latsopano kaya lakale, ndi tsiku limene linapangidwa. Funani pamene palembedwa DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo mupeza manambala anayi, kawirikawiri ali m'kabwalo kotalikirapo. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero kuti 2321 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021. Nthawi zambiri manambalawa amalembedwa mbali imodzi yokha ya tayala, choncho mukawasowa kunja yang'anani mbali ya mkati. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000 ndipo musalikhudze n'komwe. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka zisanu liziunikidwa ndi katswiri chaka chilichonse ndipo lisapitirire zaka khumi, pamene opanga galimoto ena, monga Ford, amanena kuti lisinthidwe likakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ngakhale mano akhalepobe. Kwa galimoto yoswera padzuwa ngati yanuyi, ine ndimatsata zaka zisanu ndi chimodzizo.

Chachiwiri, pa matayala ambiri mupeza mawu atatu olembedwa ting'onoting'ono pafupi ndi mano: Treadwear, Traction (kugwira msewu wonyowa poima) ndi Temperature. Muyeso umenewu unakhazikitsidwa ndi boma la United States, koma umapezeka pa matayala ogulitsidwa m'mayiko ambiri. Wofunika kwambiri kwa inu ndi Temperature, womwe umasonyeza momwe tayala limapiririra kutentha likamathamanga: A ndiye wapamwamba, B wapakati, ndipo C ndiye wotsikitsitsa wololedwa. Funani A, ndipo akasowa B ndi wovomerezeka, koma C musiyeni. Nambala ya Treadwear imanena za kukhalitsa kwa mano, koma musaidalire poyerekezera makampani awiri osiyana, chifukwa kampani iliyonse imayesa yokha matayala ake. Imathandiza pokhapokha mukuyerekezera matayala awiri a kampani imodzi.

Tsopano za manambala anu aja. 185 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti msinkhu wa m'mbali ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako, R ndi kamangidwe ka mkati, ndipo 15 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Amene anthu ambiri amanyalanyaza ndi 88H. Nambala 88 ikutanthauza kuti tayala limodzi likhoza kusenza makilogalamu 560, ndipo H akutanthauza kuti linayesedwa kufika liwiro la makilomita 210 pa ola. Mwina munganene kuti simuthamanga chotero, ndipo ndi zoona, koma chilembo chimenechi chimagwirizana ndi kupirira kutentha, pakuti tayala lokhoza kuthamanga kwambiri limakhala lomangidwa molimba mkati. T ndi 190, ndipo V ndi 240. Yang'anani kapepala kamene kanamatidwa pamphuthu ya chitseko cha woyendetsa kapena m'buku la galimotoyo, ndipo musagule tayala la nambala kapena chilembo chotsika kuposa chimene chalembedwapo. Kukwera pamwamba pake sikulakwa, ndipo popeza mumanyamula banja ndi katundu, tayala la saizi yomweyo lolembedwa XL, kutanthauza lolimbitsidwa kuti lisenze katundu wochulukirapo, lingakuthandizeni ngati mtengo wake suli patali. Za matayala otambalala zija zisiyeni. Amadula, amawonjezera kumwa mafuta, akhoza kukhula thupi la galimoto pokhota, ndipo kutentha sakuchepetsa.

Pa njira zanu zitatuzo, ya matayala akale ndaichotsa kaye. Pakati pa ziwiri zotsalazo ndikanasankha awiri abwino tsopano ndi awiri ena pambuyo pake, bola ngati awiri otsalirawo ali amoyo. Ndiwonjezerepo chinthu chimene ogula ambiri sadziwa: makampani aakulu ali ndi mayina ena otsikirapo mtengo. Barum, Semperit ndi General Tire ndi a Continental. Sava, Fulda ndi Debica ndi a Goodyear. Kleber ndi BFGoodrich ndi a Michelin. Firestone ndi ya Bridgestone. Ndipo Laufenn ndi ya Hankook. Palinso makampani monga Kumho ndi Nexen amene mitengo yawo imakhala yapakati. Kwa munthu wa thumba lopyapyala, apa ndi pamene ndalama imagula zambiri.

Awiri atsopanowo amangidwe kumbuyo, ngakhale galimoto yanu ikhale yokoka ndi magudumu akutsogolo. Komanso kutha kwa m'mphepete mwa mkati kumene mwaonako ndi chizindikiro chakuti magudumu akutsogolo sanalunjike bwino, kapena kuti pali chitsulo china chimene chakhwefuka kunsi. Pa ndalama zanuzo patulanipo zolipirira wheel alignment (kulunjikitsa magudumu) ndi balancing (kulinganiza kulemera kwa gudumu kuti lisanjenjemere), apo ayi matayala atsopanowo adzadyeka chimodzimodzi miyezi ingapo isanathe.

Woyenda maulendo ataliatali analemba kuti:

Bambo amene ayankha pamwambapa anena zoona, ndipo sindibwereza. Ine ndikufuna kuima pa malangizo a mnzanu aja, mayi, akuti muzichepetsa mpweya kukatentha, chifukwa malangizo amenewa anatsala pang'ono kundiika m'manda. Ndili wamng'ono pantchito yoyendetsa galimoto, tsiku lina masana ndinaima pamalo othirira mafuta nditayenda maola atatu, ndipo geji inaonetsa kuti mpweya wakwera kuposa umene ndinapopa m'mawa. Ndinachita mantha, n'kuphwetsako matayala onse anayi mpaka kubwerera pa muyeso wa m'mawa uja, ndikuganiza kuti ndachita mwanzeru. Tsiku lotsatira sindinayesenso. Ndinanyamula katundu wolemera, ndipo dzuwa lili paliwombo ndinayamba kumva chiwongolero chikunjenjemera ndi fungo la mphira yopserera, kenako tayala lakumbuyo linaphulika. Pamene ndinatsika kuti ndilione, m'mbali mwake munali mutanyenyeka ngati sanza, ndipo sindinathe kuligwira ndi dzanja chifukwa cha kutentha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kukwera kwa mpweya paulendo ndi kwachibadwa, ndipo opanga matayala anakuwerengera kale. Mpweya ukatenthedwa umafutukuka, ndipo umakwera ndi pafupifupi 0.1 bar (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala) pa madigiri 10 aliwonse. Muyeso umene unalembedwa pa kapepala ka pachitseko ndi wa tayala lozizira, ndiye kuti galimoto itaima maola atatu kapena kuposerapo, makamaka m'mawa dzuwa lisanaiombe. Mukaphwetsa tayala lotentha, likazizira limakhala loperewera, ndipo tayala loperewera limapindika kwambiri m'mbali, n'kumadziphika lokha mkati. Choncho chimene mnzanuyo akuti chimateteza kuphulika ndi chimene chimabweretsa kuphulikako.

Nkhaniyi inaonekera poyera ku United States m'chaka cha 2000, pamene kampani ya Firestone inaitanitsa matayala pafupifupi 6.5 miliyoni, ambiri mwa iwo a pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa chikamba chapamwamba chinkasendeka galimoto zili pa liwiro. Ngozi zambiri zinachitika m'zigawo zotentha za kumwera kwa dzikolo, ndipo limodzi mwa mafunso amene makampani awiriwa anakanganirana linali la muyeso wa mpweya, pakuti Ford inkalangiza 26 psi (muyeso wina wa mphamvu ya mpweya) pamene Firestone inkanena 30 psi. Zitatero dzikolo linakhazikitsa lamulo limene linachititsa kuti kuyambira 2007 galimoto zatsopano zizikhala ndi kachipangizo kochenjeza mpweya ukatsika.

Langizo langa n'lakuti pa ndalama za matayalazo mugulepo kageji kanukanu kosunga m'galimoto, chifukwa mageji a m'malo opopera ambiri amakhala atagwetsedwagwetsedwa ndipo amanama. Muziyesa kamodzi pa masabata awiri ndiponso m'mawa wa tsiku la ulendo wautali. Pa kapepala ka pachitseko ka galimoto zambiri pamakhala miyeso iwiri, wina wa anthu ochepa ndi wina wa galimoto yodzaza, ndipo wachiwiriwo ndi umene muyenera kutsata mukanyamula banja lonse. Musasokonezeke ndi nambala yolembedwa patayala penipeni pafupi ndi mawu akuti Max Press, chifukwa imeneyo ndi malire a tayalalo osati muyeso wa galimoto yanu. Akakuuzani kuti mulipire ndalama zina kuti akupopereni naitulojeni, dziwani kuti mpweya umene timapumawu uli kale ndi naitulojeni magawo 78 pa 100 aliwonse, ndipo ndalama imeneyo ingagwire ntchito yabwino kuposa pamenepo mukagulira mavalavu atsopano. Valavu nayo ndi ya mphira ndipo imang'ambika ndi dzuwa, choncho isinthidwe nthawi iliyonse tayala latsopano likamangidwa.

Wosunga ndalama analemba kuti:

Ndikupempha kuti ndisiyane maganizo pang'ono ndi akuluakulu amene alankhula kale. Ine ndakhala ndikuyendera matayala ogwiritsidwa kale ntchito kwa zaka zingapo ndipo sanandichititsepo ngozi. Si onse amene ali okalamba, chifukwa ena amachotsedwa pa galimoto imene yawonongeka injini kapena yagundidwa, ali ndi zaka ziwiri zokha. Munthu wodziwa kuwerenga tsiku lija, amene angaumirire kuti tayala alione lisanamangidwe pa limu, n'kupisamo dzanja kuti amve ngati muli zigamba kapena potupa, akhoza kupeza tayala la kampani yotchuka limene lingapose latsopano lopanda dzina. Ndaonapo matayala atsopano otchipitsitsa amene mphira yake ndi yolimba ngati pulasitiki, moti mvula yoyamba ikagwa pa phula lotentha galimoto imangoseseleka ukaponda mabuleki. Tisaiwale kuti kumalo otentha kumagwanso mvula yamphamvu.

Komanso bambo Wamatayala, sindikumvetsa chifukwa chake mukuti atsopano apite kumbuyo. Amene atha ndi akutsogolo, amene amakhota ndi akutsogolo, ndipo amene amagwira ntchito yaikulu poima ndi akutsogolonso. Kodi si nzeru kuika abwino pamene pali ntchito?

Mwinikagalimoto analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Lero m'mawa ndinatenga tochi n'kugwada pansi kuwerenga matayala anga, ndipo zimene ndapeza zandiziziritsa nkhongono. Awiri akutsogolo alembedwa 1119, ndipo timizere topingasa timene tili pansi pa ngalande za mano tafanana kale ndi pamwamba pa tayala mbali ya mkati. Lakumbuyo la timing'alu lija lalembedwa 3713, ndiye kuti ndakhala ndikunyamula ana anga pa tayala la zaka zoposa khumi, ndipo m'mbali mwake muli kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu, mkati mwake muli kanthu konga nyenyezi. Lakumbuyo linalo ndi la 0822, lalembedwa Temperature B, ndipo mano ake akadali akuya. Ndinabwereka geji kwa mnansi wanga n'kupeza kuti matayala atatu ali ndi mpweya wochepa kuposa wolembedwa pachitseko, ndipo sipeya, yomwe ndi kakang'ono kowonda kaja, inali pafupifupi yophweratu.

Apa ndiye ndasokonezeka, bambo Wamatayala. Munati ndigule awiri abwino bola otsalirawo akhale amoyo, koma zikuoneka kuti lamoyo ndi limodzi lokha. Ndikaika atsopano kumbuyo, ndiye kuti kutsogolo kupita lang'ambikalo kapena limodzi la akutha aja. Kodi pamenepa malangizo anu akadali omwewo?

Wamatayala wopuma anayankha kuti:

Ayi mayi, pamenepa malangizo anga asintha, ndipo mwachita bwino kukawerenga musanatulutse ndalama. Timizere topingasa mwaonato ndi chizindikiro chakuti mano atsala mamilimita 1.6, omwe ndi malire a lamulo m'mayiko ambiri, ndipo kunena zoona tayala limayamba kulephera kuchotsa madzi likatsika kuchokera pa mamilimita atatu. Awiri akutsogolowo ntchito yawo yatha. La 3713 lija ndiye loopsa kuposa onse, osati chifukwa cha ukalamba wokha, komanso chifukwa cha kachithunzi ka phiri kaja, komwe kamasonyeza tayala loyesedwa pa chipale chofewa. Ambiri mwa matayala oterowo ndi a nyengo yachisanu, opangidwa ndi mphira yofewa kuti azigwira msewu kuzizira kukafika pansi pa madigiri 7, ndipo pa phula lotentha amatha msanga ndi kutalikitsa mtunda woimira. Amabwera kwambiri ndi galimoto zogulidwa kuchokera kumayiko ozizira, ndipo ochokera ku Japan kawirikawiri amalembedwa STUDLESS. Musayendenso nalo ulendo wautali ngakhale umodzi.

Popeza atatu mwa anayi ndi otayika, gulani anayi atsopano, ngakhale akhale a dzina losatchuka, koma musawasankhe ndi mtengo wokha. Uzani wogulitsa kuti awatulutse onse anayi muwaone ndi maso anu asanawamange. Akhale 185/65 R15, nambala ya katundu isatsike pa 88, chilembo cha liwiro chisatsike pa H, akhale Temperature A kapena B, Traction A kapena AA, ndipo onse akhale opangidwa m'kati mwa zaka ziwiri zapitazi, chifukwa tayala limatha kugona m'nyumba yosungiramo katundu kwa zaka zambiri n'kugulitsidwa ngati latsopano pomwe gawo la moyo wake lapita kale. Funaninso chilembo E chotsatana ndi nambala m'kabwalo, chimene chimasonyeza kuti tayalalo linavomerezedwa pa miyeso imene mayiko a ku Europe ndi ena ambiri amatsata. Ena amabwera ndi chipepala chamitundumitundu cha European Union chomatidwa pa mano, chimene kuyambira 2021 chimapereka zilembo A mpaka E. Pa chipepalacho yang'anani pamene pali chithunzi cha mtambo wa mvula, ndipo sankhani A, B kapena C. Izi zikuyankhanso nkhawa ya achimwene Wosunga ndalama, yomwe ndi yomveka ndithu, pakuti matayala otchipa osagwira msewu wonyowa alipodi, ndipo njira yowazindikirira ndi imeneyi. Tayala limene lilibe chizindikiro chilichonse mwa zimenezi lisiyeni pomwepo ngakhale akuchotsereni mtengo.

Ngati mutapeza kuti ndalama zikukwanira atatu a gulu lapakati lija, palinso njira ina: awiri ofanana kumbuyo, ndipo lachitatu kutsogolo pamodzi ndi la 0822. Koma ine sindikonda kusakaniza matayala a mitundu iwiri pa ekiselo imodzi, chifukwa poima mwadzidzidzi limodzi limagwira kuposa linzake n'kukokera galimoto kumbali. Ndi bwino la 0822 mulisunge pamthunzi, kutali ndi mafuta, kuti lidzakupulumutseni tsiku limene limodzi mwa atsopanowo lidzabooledwe m'mbali, popeza bowo la m'mbali silimatika. Lomatika ndi la pakati pa mano lokha, losapitirira mamilimita 6, ndipo limatidwe ndi chigamba cha mkati tayala litachotsedwa pa limu.

Achimwene, pa za matayala akale, sindikukana kuti abwino amapezeka, koma inu mumadziwa kupisa dzanja ndi kuwerenga, pamene mayiwa angophunzira dzulo. Komanso pali zimene dzanja silimva. Tayala limene linayenda mtunda wautali lili lophwa, kapena limene linagunda dzenje mwamphamvu, limatha kuoneka bwinobwino pomwe ulusi wa mkati unaduka kale, ndipo chotupa chimadzatuluka patapita masabata. Ndaonanso matayala akutha amene anthu achinyengo anawajobanso mano ndi chitsulo chamoto mpaka kufika pafupi ndi mawaya, pomwe kujobanso kumaloledwa pa matayala a galimoto zazikulu okha amene alembedwa REGROOVABLE. Wogula latsopano amakhala ndi lisiti ndi pokadandaula, pamene wogula lakale amagula mbiri imene sakuidziwa.

Za kumbuyo zija, chifukwa chake ndi ichi. Matayala akutsogolo akataya msewu pokhota pamadzi, galimoto imangopita molunjika, ndipo woyendetsa amamva pa chiwongolero n'kuchotsa phazi pa mafuta, zimene kawirikawiri zimabwezeretsa galimoto m'njira. Koma akumbuyo akataya msewu, matako a galimoto amazungulira n'kupitirira mutu, ndipo ndi madalaivala ochepa amene angaibweze ikayamba kutero. Mwanena zoona kuti akutsogolo amatha msanga, koma mankhwala ake ndi kusinthanitsa matayala pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse kuti onse azitha mofanana.

Mayi, musaiwale sipeya ija. Matayala ang'onoang'ono oterowo kawirikawiri amafuna mpweya wa 60 psi, womwe ndi 4.2 bar, ndipo saloledwa kupitirira makilomita 80 pa ola, koma werengani zolembedwa pa yanuyo kuti mutsimikize, muonenso tsiku lake popeza mwina ndi yakale ngati galimoto yomweyo. Tsiku lokamangitsa matayala, pemphani makaniko kuti ayambe waona zitsulo za kutsogolo ngati palibe chakhwefuka, kenako achite wheel alignment matayala atsopano ali kale pa galimoto, ndipo m'mawa mwake muyese mpweya nokha ndi geji yanu, chifukwa omanga ambiri amapopa mopitirira kuti tayala likhazikike pa limu n'kuiwala kubwezera pa muyeso wa pachitseko.